Kachitini Kuseri kwa Mtsuko wa Mchere

M'tauni yathu ino ya Empalme Soria, ikamakwana faifi koloko madzulo, Mayi Nélida Quiroga simungawapeze atakhala pansi. Ngakhale kugwe maliro kwa aneba, iwo amakapepesa m'mawa, chifukwa madzulo ndi nthawi ya tiyi. Kwa zaka makumi atatu akhala akuthirira anthu tiyi m'kanyumba ka njerwa zofiira kuseri kwa siteshoni, kamodzi mwa tinyumba timene Angelezi a njanji anasiya. Muli matebulo asanu ndi limodzi, nsalu zoyera zosita mpaka kuuma gwa, makapu opyapyala a maluwa, ndi wotchi yapakhoma imene imathamanga ndi mphindi zinayi. Pakhomo pali chikwangwani chimene amuna awo, a Fermín, amachipaka utoto chaka ndi chaka: TIYI WA ADONA ASHCOMBE, WACHINGELEZI WENIWENI.

Lamulungu anthu amachokera ku Buenos Aires ndi magalimoto awo, kudzakhala ataumitsa makosi, akunyamula kapu ndi tizala tiwiri ngati kuti kwawo sapatsirana chikho cha yerba, chakumwa chathu chowawa chija cha masamba choyamwa ndi kapaipi, monga ife tonse. Ndipo onse amafunsa funso limodzi, lakuti kodi masikono amenewa ndi momwedi amaphikira ku England? Mayi Nélida, amene sanakwerepo ndege chibadwire, ankayankha osaphethira kuti anaphunzira m'manja mwa Adona enieni, ndipo sanasinthepo kanthu ngakhale kamchere.

Linali bodza limenelo, ndipo ankalidziwa ndi iwo okha ndi a Fermín.

Mayi Nélida analowa ntchito kwa Adona Ashcombe ali ndi zaka khumi ndi zinayi, kamtsikana ka kumidzi kosadziwa kuti foloko ya keke ndi ina, ya nyama ndi ina. Adona anali amasiye, amuna awo anali injiniya wa njanji. Anali aatali, ouma nkhope, ndipo mawu oyamika ankawawerenga asanawatulutse. Anamuphunzitsa Nélida kutenthetsa tipoti asanathiremo masamba, kudula nkhaka mopyapyala mpaka zizionekera, kuchotsa makoko a buledi, ndi kufikisa ufa wa masikono ndi batala wozizira, nsonga za zala zokha. Patatha chaka, tsiku lina kukubwera alendo, Nélida anasiya batala pazenera, galu wa Adona n'kumumeza yense pamodzi ndi pepala lomwe. Sitolo inali kutali, alendo ali m'njira. Mwana wa anthu anachita zimene amayi ake akadachita. Anatapa mafuta a nyama ya ng'ombe osungunula, aja timakazingira mikate mvula ikamagwa, n'kukanda, n'kuponya mu uvuni mtima uli m'mwamba.

Adona analuma, anatafuna, anayang'ana kudenga, koma sananene kanthu. Alendo anapukuta mbale. Rosalind, mwana yekhayo wa Adona, amene anali wamkulu kwa Nélida ndi zaka zitatu, anadya anayi, awiri atawapaka dulce wathu uja, mkaka wowiritsa ndi shuga mpaka kufiira. Sabata yotsatira Nélida anabwerera ku batala, Rosalind n'kufunsa kuti kodi lero masikono akudwala chiyani. Basi, kuyambira pamenepo kachitini ka mafuta kanapeza malo kuseri kwa mtsuko wa mchere, ndipo batala wa masikono ankathera m'zakudya zina. Zaka makumi awiri ndi zisanu Nélida ankatsegula kachitiniko makutu ali kukhomo, kumvetsera nsapato za Adona.

Adona atamwalira anamusiyira makapu ndi matipoti onse. Rosalind anali atakwatiwa kalekale ku England, ndipo makalata ake anayamba kuchepa mpaka kusiyiratu. Choncho pamene Mayi Nélida anatsegula malo awo, dzina la Adona analikweza pakhomo osapempha kwa munthu. Sanachite mwaukathyali ayi. Ankawakonda mayi ouma nkhope aja, ndipo ankaona kuti tiyi wa Quiroga palibe angamuyendere ulendo wa maola atatu.

Uthenga unafika mwezi wa Epulo, kuzizira kutangoyamba. Unafikira pa foni ya Griselda, mwana wawo wamkazi, amene amaika zithunzi za makeke pa intaneti. Unali wa mizere itatu, m'Chisipanishi chouma ngati cha m'buku la sukulu. Wolemba anali Philippa, mwana wa Rosalind. Anati waona zithunzi, waonanso dzina la agogo ake pachikwangwani, ndipo abwera Loweruka la sabata yachitatu. Anati akufuna kulawa masikono, komanso pali nkhani imene akufuna kukamba maso ndi maso.

Mayi Nélida anakhala pansi nthawi ya tiyi, chinthu chimene m'tauni muno sichinaonekepo. Philippayo iwo ankamukumbukira, anabwerapo kamodzi ndi amayi ake ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kamwana ka zipsera m'mawondo. Tsopano ndi mayi wamkulu, Mngelezi weniweni amene wakula akudya masikono enieni. Adzaluma kamodzi, adzamva fungo la ng'ombe, kenako adzanena mwaulemu, monga amachitira anthu amenewo, kuti dzina la agogo ake lichoke pakhomo. Ndipo nkhani m'tauni ino sigona. Pofika Lamulungu aliyense adzakhala atadziwa kuti Nélida Quiroga wakhala akunamiza anthu kwa zaka makumi atatu, ndipo anayamba ndi kunamiza mwini dzina.

A Fermín, amene anagwira ntchito yopatutsa masitima pa njanji zaka makumi anayi ndipo palibe chimene chimawathamangitsa, anangoyamwa yerba wawo mpaka chikho kulira. Anati mwina mzunguyo akungofuna kuona manda a agogo ake. Anatinso ngati akufuna chikwangwanicho atenge, iwo mapewa atopa nako kukwera makwerero.

"Inu a nkhalamba, pakamwa panu mukhale mukuikapo sikono, osati mawu," anatero Mayi Nélida.

Tsiku lomwelo anamuululira Griselda za kachitini. Griselda anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka kukhala pa thumba la ufa, kenako anaona nkhope ya amayi ake n'kusiya kuseka. Ndi mwana wabwino Griselda, koma ali ndi matenda a ana a masiku ano, okhulupirira kuti chilichonse chili m'foni. Anafufuza mmene Angelezi enieni amachitira, n'kubwera ndi malamulo. Mafuta a nyama achoke, pabwerere batala. Dulce asaoneke ngakhale pa shelefu. Pakhale jamu wa sitiroberi ndi kirimu wolimba. Za mkaka, ngati uyambe ndiwo kuthiridwa m'kapu kapena payambe tiyi, Griselda anawerenga masiku awiri n'kupeza kuti eni akewo sanagwirizanebe mpaka lero.

Masabata atatu amenewo tinavutika ndi ife odya. Masikono anayamba kutuluka aatali, oyera, okongola ngati a pa chithunzi, koma ukawaluma unkangomva ufa wabwino ndi batala wabwino, basi. Ine ndakhala ndikudya m'nyumba imeneyo kuyambira ndili ndi mano onse, ndipo ndinafunsa ngati kukhitchini kwalowa munthu wina. Mayi Nélida anandiyang'ana moti sindinafunsenso. Koma a Fermín saopa diso la akazi awo. Pa sabata yachiwiri analengeza kuti ayamba sitalaka, monga ankachitira ku njanji. Anati sapaka utoto, satchetcha kapinga, satsuka tipoti ngakhale imodzi, kufikira sikono lawo lakale litabwerera. Anati munthu sungamudyetse chinthu zaka makumi anayi n'kumuuza kuti chinali cholakwika.

Pofuna mtendere, m'mawa wa Lowerukalo Mayi Nélida anatapa m'kachitini, n'kuwaphikira a Fermín masikono asanu ndi limodzi okha. Anawaika m'mbale, anawavindikira ndi nsalu, n'kulamula amuna awowo kuti akadyere kuseri, pa masitepe a kukhitchini, ndipo asaonetse nkhope yawo kufikira mlendo atapita.

Philippa anatsika basi ya folo koloko. Mayi Nélida ankayembekezera munthu wa chipewa ndi magolovesi ngati Adona, koma panatulukira mayi wotopa, wa nsapato zothamangira ndi jekete yamvula, chikwama chili kumsana. Kutalika kokha ndiye kunali kwa agogo ake. Anapereka dzanja, Mayi Nélida n'kumupsompsona patsaya monga mwa chikhalidwe chathu, onse awiri n'kusokonezeka. Anamukhazika pa tebulo la pazenera. Griselda anali atavala epuloni yoyera, ndipo anthu a matebulo ena, amene anali atamva kale kuti kukubwera Mngelezi weniweni, ankamwa tiyi ndi maso a m'mbali.

Philippa anayang'ana makapu, anayang'ana wotchi, anasisita nsalu ya patebulo. M'Chisipanishi chake chotsimphina ananena kuti kwawo iye amamwa tiyi choimirira, m'kapu yaikulu yong'aluka pamlomo, kathumba ka masamba kali momwemo, ndipo malo ngati ano amalowamo kamodzi pachaka akapita ndi alendo. Mayi Nélida anaganiza kuti ndi nthabwala, anaseka pang'ono. Kenako anabweretsa masikono a batala, jamu ndi kirimu.

Philippa ananyema sikono ndi manja, anapaka, analuma. Anatafuna nthawi yaitali. Kenako anaika chotsalacho m'mbale, n'kumwetulira.

"Ndi abwino kwambiri, Mayi. Ali ngati a kwathu ndendende."

Griselda anawatsina amayi ake pamkono posonyeza kuti apambana. Koma Mayi Nélida anakhala zaka makumi awiri ndi zisanu m'nyumba ya Adona, ndipo ankadziwa kuti anthu amenewa akati chinthu ndi chabwino kwambiri n'kuchisiya m'mbale, ndiye kuti zavuta. Nkhope ya mlendoyo inali itagwa. Ankayang'ana panja, kumene sitima ya katundu inkadutsa pang'onopang'ono, ndipo tiyi wake ankazizira. Za nkhani ija sanayambe. Patapita kanthawi anafunsa kumene angasambe m'manja, ndipo Griselda anamulozera kanjira kodutsa pafupi ndi khitchini.

Mphindi zisanu zinatha, kenako khumi, mlendo osabwerera. Mayi Nélida anayamba kuganiza kuti mwina wadwala, ndipo anamutsatira. Atafika kukhitchini anapeza chitseko cha kuseri chili chotsegula.

Pa masitepe panali a Fermín, chikho cha yerba m'manja, mbale ija ili pamwendo, nsalu itavundukulidwa. Pambali pawo panali Philippa, atakhala pa simenti yozizira, kukamwa kuli dulce. Musawadzudzule kwambiri a Fermín. Kuno munthu sungamwe yerba wina ataima pakhomo osamupatsa chikho, ngakhale atakhala wodzakumanga. Mlendo anali atasuzumira chifukwa cha fungo, iwo n'kumupatsa chikho. Anayamwa n'kukwinya nkhope ndi kuwawa, iwo pomumvera chisoni n'kumupatsa sikono kuti atsukire m'kamwa. Pamene Mayi Nélida ankafika n'kuti akumaliza lachiwiri, misozi ili chuchuchu, osaipukuta.

Mayi Nélida anaona kuti zatha, ayaluka basi. Ndipo mudziwa, munthu ukaopa chinthu kwa zaka zambiri, chikafika umangofuna kuti chithe msanga. Anaima chilili, manja ali pa epuloni, n'kunena zonse. Ananena za galu ndi batala, za mafuta a nyama, za kachitini. Anati Adona anamwalira osadziwa, ndipo anthu onse amene anafunsapo anawanamiza. Anati chikwangwanicho a Fermín achitsitsa mawa lomwe, koma makapu okha awasiyire, chifukwa amenewo anawapatsadi.

Philippa anamva mwina theka la zimenezo, pakuti mayiwo ankayankhula mothamanga. Anangofunsa a Fermín kuti mafuta ati, iwo n'kuwomba pamimba pawo n'kulira ngati ng'ombe. Apo mlendoyo anaseka misozi ikadali m'masaya. Anapukuta zala pa jekete, anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa buku lakale lachikuto chobiriwira, lomangidwa ndi mphira. Mayi Nélida analizindikira nthawi yomweyo. Linali buku la maphikidwe la Adona, limene linkakhala m'chipinda chawo ndipo wantchito sankalikhudza. Linatumizidwa kwa Rosalind pamodzi ndi zithunzi maliro atatha.

Kenako Philippa anafotokoza nkhani imene anabwerera. Anati amayi ake ali moyo, koma mutu ukuwathawa. Chingelezi chikuwachoka, akumayankhula Chisipanishi cha ubwana wawo, anamwino osawamva. Chakudya akukana. Chimene amafunsa tsiku ndi tsiku ndi masikono a Nélida. Philippa anagula m'masitolo onse, anaphika motsata bukulo mzere ndi mzere, koma amayi ake amaluma kamodzi n'kukankha mbale. Iye mwini ankakumbukira kukomako kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kofumbutuka, kamchere pang'ono, kotsalira m'kamwa. Choncho atalawa a patebulo paja, mtima unasweka. Anaganiza kuti wawoloka nyanja yonse kudzadya zomwe wasiya pakhomo pake, ndipo chimene ankafunacho chinapita ndi nthawi.

Anatsegula tsamba la masikono. M'mphepete munali mawu a pensulo, m'malemba oongoka aja a Adona. Anawamasulira pang'onopang'ono, chala chili pa mzere.

"Anga satuluka ngati a Nélida. Amaikamo kanthu kena, amakabisa kuseri kwa mtsuko wa mchere. Musamufunse, angachite mantha n'kusiya."

Philippa anawonjeza kuti amayi ake anamvera lamulolo zaka zonsezi, chifukwa agogo akanena chinthu sankabwereza. Anati iye ndiye woyamba m'banjamo kuliphwanya, ndipo n'chifukwa chake sanafune kulemba pa foni. Za chikwangwani anati atachiona pa chithunzi anakachionetsa amayi ake, iwo n'kuwerenga dzinalo mokweza katatu.

Mayi Nélida anakhala pa sitepe, kachiwiri m'mwezi umodzi kukhala pansi nthawi ya tiyi. Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Mtima unakhala m'malo, koma pambuyo pake panabwera kaukali, chifukwa mpumulo wa zaka makumi asanu ndi zisanu subwera wokha. Anati taonani mayi amene uja, ankadziwa! Ankadziwa, n'kumangoyang'ana kudenga, iwo akuuma magazi kukhitchini tsiku lililonse la Mulungu. Anati ndiye n'chifukwa chake Adona ankakhosomola akamayandikira kukhitchini, iwo n'kumayesa chifuwa, mpaka kumawaphikira mandimu ndi uchi. Atanena zimenezo anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, Philippa n'kuwagwira phewa mwamanyazi monga mwa anthu a kwawo.

A Fermín anathira madzi m'chikho n'kufunsa ngati sitalaka tsopano yatha mwalamulo. Griselda, amene anali ataima pakhomo ndi tipoti m'manja, anafunsa motsitsa mawu kuti nanga kirimu yense uja atani naye. Amayi ake anamuuza kuti afunse foni yake.

Alendo a Lamulungu amafunsabe funso lawo lija, ndipo chikwangwani chikadali pomwepo, a Fermín anachipakanso mwezi watha akudandaula mapewa. Koma masiku ano Mayi Nélida amayankha kuti za ku England sakuzidziwa, sanapiteko, chimene akudziwa n'chakuti amenewa ndi amene Adona ankadya, ndipo muli mafuta a ng'ombe. Ena amakwinya mphuno, kenako amaitanitsa ena.

Koma ndadumpha. Loweruka lija, Mayi Nélida atapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa epuloni, anaimirira n'kumuyang'ana mlendo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zothamangira zija. Anamufunsa ngati kwawoko ogulitsa nyama angamupatse mafuta a pa impso, osati a pansi pa chikopa. Philippa anati adzafufuza mpaka apeze. Anatulutsa cholembera kuti alembe miyeso, Mayi Nélida n'kumulanda, chifukwa miyeso yake ili m'zala.

"Vula jekete, mwananga, usambe m'manja. Amayi ako sangadikire."

Anamumanga epuloni yawo yomwe. Kenako anapita pa shelefu, anasuntha mtsuko wa mchere, n'kutulutsa kachitini. Apo m'pamene Griselda anazindikira kuti ngakhale m'khitchini yawoyawo, mmene munalibe wowaopsa, amayi ake anali akukabisabe pomwepo zaka makumi atatu zonsezi. Mayi Nélida anayamba kutsegula chivindikiro, ndipo mwachizolowezi anapendeketsa khutu kukhomo. Atazindikira chimene akuchita anapukusa mutu, n'kukaika kachitiniko pakati pa tebulo, chitseko chili chotsegula.